Phazi la Mwana Wanga ndi Liwu Loti Pang'ono

Mwana wanga wamkazi, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anatsukidwa bala la moto kasanu ndi kamodzi osapatsidwa ngakhale theka la piritsi loletsa ululu. Mapiritsiwo analipo, m'botolo lofiirira pashelefu, mayadi awiri kuchokera pa benchi pomwe ankamukhazika. Sanapatsidwe chifukwa nthawi zonse akafunsidwa ngati pakuwawa ankayankha kuti, "Pang'ono." Amene anamuphunzitsa kuyankha choncho ndine.

Zinachitika m'zaka za chipani chimodzi. Ndinali mtolankhani, ndipo tinkakhala kwawo kwa mkazi wanga, pakati pa boma la Nkhotakota ndi Liwaladzi. Ntchito yanga inali kulemba za mpunga, za nsomba ndi za misonkhano, n'kutumiza pa basi ya m'mawa.

Kuseri kwa chigayo cha mpunga kunali mulu wa mankhusu, ndipo mwini chigayo ankawayatsa moto kuti achepe. Mankhusu a mpunga sayaka malawi. Amanyeka m'kati masiku angapo, pamwamba pakuoneka phulusa lotuwa ngati mchenga wouma. Tsiku lina Lachisanu m'mawa mayi ake anamutuma mwanayo kukabwereka lichero, iye n'kudulira njira pamuluwo. Phazi lamanzere linalowa mpaka mu akakolo. Panapsa pamwamba pa phazi ndi zala zitatu. Amayi oyandikana nafe anathamangira ndi malangizo, wina dzira laliwisi, wina mchere, wina palafini. Mkazi wanga anawakankha onse n'kuviika phazilo m'ndowa ya madzi ozizira. Chimenecho ndicho chokha chomwe banja lathu linachita bwino tsiku loyambalo.

Ndinamutengera pa njinga ku chipatala chaching'ono cha m'dera lathu, nyumba ya malata ya zipinda zinayi. Dzina lake sinditchula. Pachipata achinyamata a chipani ankaona makhadi, ndipo langa linali m'thumba la malaya monga masiku onse. Mwanayo analira njira yonse, analira pa mzere, analiranso m'chipinda. Wotsuka mabala anadula khungu la matuza, anapaka mankhwala a jivi, anamanga, n'kumupatsa theka la piritsi kuti akhale chete. Maulendo asanu ndi umodzi opanda piritsi aja anadza pambuyo pa tsiku limeneli. Pobwerera, ndikupalasa njinga, ndinamudzudzula. Ndinati walira ngati khanda pamaso pa anthu, wachititsa manyazi banja la amayi ake, ndipo mwana woleredwa bwino akafunsidwa ndi wamkulu sachulutsa mawu, amati pang'ono. Anayankha kuti wamva.

Aliyense wobadwira kuno amadziwa kulemera kwa liwu limeneli. Ukafunsa nkhalamba mmene yadzukira, iyo n'kuyankha kuti pang'ono, sufunsanso, umayamba kufunafuna njinga. Mayi akati mwana watentha thupi pang'ono ndiye kuti m'nyumbamo simunagonedwe. Ndi liwu laulemu. Limachepetsa vuto lako kuti usamulemetse nalo wofunsayo, ndipo wofunsayo amayenera kulikulitsa yekha m'mutu mwake. Wotsuka mabala uja anabadwira m'mbali mwa nyanja momwemu, ndipo kumudzi kwake liwuli ankalimva bwinobwino. Koma akavala chovala choyera n'kugwira cholembera, ankalitenga monga limvekera, chifukwa kutero kunkamupulumutsa ku ntchito yonyamuka kukatsegula botolo.

Sanali dokotala, koma tonse tinkamutchula kuti adokotala. Anali munthu wonenepa, wa nthabwala zambiri, ndiponso mlembi wa nthambi ya chipani m'deralo. Baji yake inkakhala pachifuwa, pamwamba pa banga la jivi lomwe silinachoke masiku onse omwe ndinamuona. Mabala ankatsuka Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu.

Fungo la chipinda chake ndimalimvabe m'mphuno. Pakona panali ndowa yopanda chivundikiro, yodzaza mabandeji a anthu ena, a mafinya ndi magazi, ena a dzana. Ntchentche zinkanyamuka m'ndowamo n'kukatera m'kambale kachitsulo momwe munali sizasi ndi chopanira, kenako pa bala la amene wakhala pa benchi, kenako pa mtedza wokazinga womwe mwini chipindayo ankasunga pa pepala patebulo. Mtedzawo ankadya wodwala wina akatuluka, wina asanalowe. Ndinamuonapo akusamba m'manja. Sindinamuonepo akusintha madzi a m'beseni.

Amayi sankaloledwa kulowa, ati amawononga ana ndi chisoni. Ine ankandilola kuima pakhomo chifukwa ndinali wa nyuzi. Kachitidwe kake kanali kamodzimodzi tsiku lililonse. Bandeji ya bala la moto ikauma imamatirira pa mnofu, ndipo iye sankainyowetsa. Ankagwira nsonga ndi chopanira n'kukoka kamodzi, ngati akusenda chinangwa. Ankati kuchedwa ndiye nkhanza. Nsaluyo inkachoka ndi tizidutswa ta khungu latsopano lomwe linali litayamba kumera, bala n'kuyambanso kuchucha magazi, iye n'kupukuta ndi thonje mwamphamvu. Funso ankafunsa atatembenuka kale, akulemba pa khadi la chipatala.

"Pakuwawa, amayi?"

"Pang'ono."

"Mwamva, bambo a nyuzi? Lembani zimenezo. Mbumba ya kuno siilira."

Ine ndinkaseka. Ndilembe molunjika: ndinkaseka monyada. Pa khadipo ankalemba m'Chingerezi mawu awiri otanthauza kuti ululu ndi wochepa, ndipo pobwerera ndinkawawerenga ngati ndikuwerenga lipoti labwino la kusukulu.

Pofika ulendo wachitatu ndinali nditalizindikira lamulo la m'chipindamo. Ana okuwa ndi kuponya miyendo ankalandira theka la piritsi, osati chifukwa cha ululu wawo koma chifukwa cha makutu a adokotala. Ana aulemu sankalandira kanthu. Wanga ankamugwiritsa ntchito yochititsa anzake manyazi. Ankamutulutsa pakhomo n'kuuza a pa mzere kuti taonani kamtsikana aka, kapsa kuposa nonsenu koma sikanatulutse msozi. Amayi ena ankandiyang'ana mondisirira. Lamulolo ndinaliona, ndinalimvetsa, ndipo sindinaganize kuti likukhudza mwana wanga.

Zizindikiro zinali poyera, ndipo ine, munthu wolipidwa kuti ndiziona zinthu, ndinaziona zonse popanda kuziphatikiza. M'mawa uliwonse funso loyamba la mwanayo linali lakuti lero ndi lachingati. Tsiku lotsuka bala sankadya phala. Pa benchi paja thukuta linkatuluka pamphuno pake pokha, timadontho tating'ono, ngakhale m'mawa kukuzizira. Manja ankawalowetsa kunsi kwa benchi, ndipo Lachisanu loyamba mayi ake anamuchotsa ndi singano tizitsotso tiwiri ta thabwa m'zikhadabo. Pa njinga pobwerera sankalankhula, pomwe kale ankandifunsa za chilichonse chomwe tadutsa. Zala zitatu zija ankazipinda osafuna kuziwongola. Ulendo wachisanu anadzikodzera pa kaliyala wa njinga, n'kunena kuti anakhala pa benchi yonyowa. Ndinavomera kuti benchiyo inalidi yonyowa.

Masana a tsiku lomwelo mkazi wanga anandiitana kuseri kwa nyumba komwe ankayanika zovala. Kwawo ndi Asilamu, ndipo mwanayo ankavala mpango kumutu akamapita pagulu. Mayi ake anali atauchapa. Anautambasula pa chingwe n'kundionetsa ngodya imodzi. Inali yotafunidwa, yobookabooka.

"Werengani, bambo a mwana. Inu mumakonda kuwerenga zinthu."

Ndinawerenga. Mabowo anali khumi ndi limodzi. Ndinati mwina ndi mbewa.

"Mbewa ya kwanu imadya nsalu Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu pokha?"

Anandiuza kuti mwanayo amalowetsa ngodya ya mpango m'kamwa asanalowe m'chipinda muja, n'kuiluma mpaka atatuluka. Ine ndinkaima pakhomo maulendo onse asanu ndipo ndinkaganiza kuti akudziphimba kukamwa chifukwa cha manyazi. Mkazi wanga anati kuchipatala kuja mwana wake sapitanso. Mchimwene wake anali atamuuza za bambo wina wa ku Benga wodziwa mankhwala a zitsamba opaka pa mabala a moto, ndipo anali wokonzeka kukamutenga. Mabala opakidwa zoterezo ndinali nditawaonapo pa mzere womwe uja, atatupa, akununkha, eni ake akubwera mwendo utawola kale. Ndinakana. Anandifunsa kuti ndasankha chiyani, mwana aole kapena aphedwe ndi ululu. Ndinati ndikamufunsa mwiniwake.

Ndinamupeza pakhonde, phazi ataliika pa mtondo wogubuduza. Ndinakhala pafupi naye n'kumufunsa mofatsa ngati kuchipatala kuja pamawawa. Anayang'ana pansi, anaika manja pamodzi monga tinamuphunzitsira, n'kuti, "Pang'ono, ababa." Ndinafunsanso kachiwiri, ndikumuuza kuti anene zoona. Anayankha chimodzimodzi, mwaulemu woposa poyamba. Anali atandiika m'gulu limodzi ndi adokotala: akuluakulu ofunika kuwayankha bwino.

Lachisanu, ulendo wachisanu ndi chimodzi, ndinaganiza zolankhula. Ndinadikira kuti mwanayo alowe, ndinachotsa chipewa, ndinayamika ntchito yabwino yomwe adokotala akugwira, kenako ndinafunsa ngati n'kotheka kuti mwanayo alandireko piritsi asanamukhudze. Anaika chopanira pansi. Anati mwana wanena yekha kasanu kuti ululu ndi wochepa, ndipo zalembedwa pa khadi. Kenako anakweza mawu kuti a pa mzere amve.

"Kapena bambo a nyuzi mukufuna kunena kuti chipatala cha boma chikuzunza ana?"

Masiku amenewo funso lotero linkatha kumuchotsa munthu pakhomo pake osadziwika komwe wapita, ndipo wofunsayo anali ndi baji pachifuwa. Ndinamva pakamwa panga pakuyankha pokha.

"Ayi, adokotala. Ndimangofunsa pang'ono."

Anaseka, anandigwira paphewa ndi dzanja lomwe anali atagwirira bandeji ya munthu wina, n'kukoka nsalu ya mwana wanga monga masiku onse. Nthawi imeneyi ndinayang'ana kukamwa kwa mwanayo. Ndinaona nsagwada zake zikugwira mpango. Ndinaona mtsempha wa pakhosi pake ukugunda. Ndinatuluka n'kukalavula kuseri kwa chipatala, koma chomwe chinkandinyansa sichinali ndowa ija.

Liwulo silinali lachilendo pa ntchito yanga. Chaka chomwe mvula inadula msanga, anthu a ku Nkhunga akudya kamodzi patsiku, ndinalemba kuti zokolola zatsika pang'ono. Mlatho utakokoloka ndinalemba kuti maulendo asokonekera pang'ono. Owerenga ankadziwa kulikulitsa okha, akuluakulu ankalitenga monga limvekera, ndipo tonse tinkagona m'nyumba zathu. Ndinali nditatenga chida changa cha kuntchito n'kuchiika m'kamwa mwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri.

Loweruka ndi Lamulungu tinakangana. Mlamu wanga anabwera ndi njinga yake, wokonzeka kupita ku Benga. Ndinapempha ulendo umodzi wokha. Mkazi wanga anavomera pa mfundo imodzi, yakuti apita nawo, ndipo akaletsedwa kulowa amutenga mwanayo pomwepo osatsukidwa.

Lolemba tinapeza adokotala kulibe. Anali ataitanidwa ku boma ndi anzake a chipani kukakonzekera ulendo wa munthu wamkulu wina. M'malo mwawo munali anesi a ku sikelo ya ana, mayi wamfupi wa imvi, wochokera cha ku Dwangwa, Chichewa chake chomveka chakumpoto. Chinthu choyamba chomwe ndinaona n'chakuti ndowa ija inali panja, yotsukidwa, yovundikira padzuwa. Mkazi wanga anaima pakhomo atakonzekera ndewu. Anesiwo anamufunsa kuti waimiranji ngati wapolisi, alowe akhale pa benchi amunyamule mwana pamiyendo.

Phazi sanalikhudze. Anawerenga khadi, mizere isanu ndi umodzi ya mawu awiri omwe aja, n'kutulutsa kampweya m'mphuno. Anagwira dzanja la mwanayo n'kuwerenga kugunda kwa mtima akuyang'ana wotchi yomwe anaipachika pachifuwa. Anatembenuza dzanjalo n'kuona zikhadabo. Anafunsa mayi ake za kadyedwe, za tulo, ngati akusewera, ngati akulola kuti phazilo ligwidwe kunyumba. Anaona ngodya ya mpango yomwe inali kale pafupi ndi mlomo, anaigwira ndi zala ziwiri, anaiyang'ana, n'kuisiya. Zonsezi zinatenga mphindi zosapitirira zisanu. Funso loti pakuwawa sanalifunse n'komwe.

M'malo mwake anakoka kampando kotsika, anakhala moti maso awo afanane msinkhu ndi a mwanayo, n'kuyamba kucheza naye za zinthu zoluma. Anamufunsa ngati udzudzu unamulumapo. Mwanayo anati inde. Nanga linthumbu? Inde, pa chitsime. Nanga mavu? Kamodzi, m'khutu, pothyola mango. Nanga nkholokolo? Apa mwanayo anadzutsa mutu. Nkholokolo ndi kansomba ka minga itatu yolimba, ndipo mwana aliyense wa kunyanja yemwe anathandizapo kusankha nsomba amaidziwa. Ikakubaya, ululu umakwera mpaka m'khwapa ndipo dzanja limatupa tsiku lonse. Anati inamubaya chaka chatha pa chala chachikulu. Anesi anafunsa kuti pa zinayizi mfumu ndi iti. Anati nkholokolo. Anesi anati nawonso amaiopa kuposa amuna awo.

Kenako anatambasula zala zinayi, chilichonse n'kuchipatsa dzina: udzudzu, linthumbu, mavu, nkholokolo. Anamufunsa kuti adokotala akamachotsa nsalu ija, amabwera ndani pa anayiwa. Mwanayo sanayang'ane zalazo. Anayang'ana ine.

"Bambo, tatembenukani muyang'ane khoma," anatero anesi. "Pali kalendala apo. Muwerenge, akuti ndinu ophunzira."

Ndinatembenuka. Kalendalayo inali ya chaka chatha, yokhala ndi chithunzi chomwe chinali m'ofesi iliyonse m'dziko muno, ntchentche zitachidetsa pachipumi. Kenako ndinamva mawu otsika.

"Nkholokolo."

"Imodzi?"

"Ayi."

"Zingati, mayi wanga?"

"Bwato lodzaza."

Anesi sanadabwe, sanamuyamikenso. Anapitiriza ndi mawu omwewo ngati akufunsa mtengo wa tomato. Nanga panopa, tisanakhudze? Linthumbu. Nanga ukagona, bulangeti likakhudza? Mavu. Nanga ukafuna kuwongola zala? Nkholokolo imodzi. M'mayankho anayi anali atapeza zomwe ine sindinapeze m'masabata awiri: ululu wa nthawi zonse, ululu wa pogona, ululu wa poyendetsa zala, ndi ululu wa pa benchi ija.

Anatsegula botolo lofiirira lija, anafunsa kulemera kwa mwanayo, n'kumupatsa mankhwala ndi kapu ya madzi. Anatiuza kuti piritsi si mfiti, silifika kuphazi nthawi yomweyo, ndipo kumupatsa mwana atatha kale kumutsuka n'kungotaya. Anatitulutsa kuti tikakhale pansi pa mtengo mpaka muvi wautali wa wotchi yanga uchoke pa khumi ndi ziwiri kufika pa zisanu ndi zinayi. Iwo anapitiriza ndi ena.

Titabwerera tinapeza beseni la madzi owiritsa, ofunda, othira mchere. Anaviika phazi lonse, bandeji ndi zonse, n'kudikira. Mwanayo anali pamiyendo pa mayi ake, nkhope itayang'ana pachifuwa chawo. Anesi anamufunsa mayina a nsomba zonse zomwe amadziwa, akumutsutsa dala kuti usipa ndi mwana wa chambo, mpaka mwanayo anakwiya n'kuyamba kuwaphunzitsa. Nsalu inayamba kufewa n'kutukuka yokha m'mbali. Pomwe inamatirira kwambiri, pakati pa zala, anesi anamuuza zoona.

"Apa pabwera mavu awiri. Ukafuna kulira, lira. Chipinda chino n'changa lero."

Analira. Kanali koyamba chichokereni tsiku lomwe ndinamudzudzula pa njinga. Sikunali kukuwa, kunali kulira kwa mwana wotopa, ndipo kunapitirira ngakhale nsalu itachoka. Kachidutswa komaliza anesi anamulola kuti achotse yekha ndi zala zake, pa liwiro lake. Bala silinachuche magazi. Anatsuka ndi thonje lonyowa mogunditsa pang'onopang'ono, osapukuta, n'kuika nsalu yopaka mafuta kuti isadzamatirire. Atamaliza anatambasulanso zala zinayi zija. Mwanayo anati mavu atatu, osati awiri. Anesi anapepesa chifukwa cha wachitatuyo.

Kenako anandiitanira pafupi n'kundionetsa zala za kuphazi. Ziwiri zinali zitayamba kukokana n'kupindikira pansi. Anati mwana womva ululu sayendetsa pomwe pakuwawa, ndipo khungu latsopano limauma mmene lapezera zalazo. Zikakhala choncho masabata ena awiri, adzakula akutsimphina. Azimwa mankhwala m'mawa ndi madzulo masiku angapo, ndipo mankhwala akagwira, mayi ake aziwongola zalazo chimodzichimodzi. Anati bala lenilenilo likanakhala litatseka theka, koma khungu lomwe limamera Lolemba linkachotsedwa Lachitatu.

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati mwanayo ankafunsidwa nthawi zonse, ndipo ankayankha yekha.

"Pang'ono ndi moni, bambo, si yankho," anatero akusamba m'manja. "Inu mumapita kumaliro, namfedwa n'kukuuzani kuti ali bwino, ndiye mumakalemba m'nyuzi kuti ali bwino?"

Mkazi wanga anati amalembadi. Anaseka awiriwo. Ine sindinaseke, chifukwa zinali zoona.

Anesi anatenga cholembera chofiira n'kulemba pa khadi mizere itatu: mankhwala aperekedwe nthawi isanakwane yotsuka, nsalu iviikidwe kaye, mayi akhale m'chipinda. Pansi pake anasaina. Potipatsa khadilo sanatinamize. Anati Lachitatu mwini chipinda abwerera, ndipo iwo adzakhala ku sikelo, tsidya lina la nyumbayo, ndi amayi oposa makumi atatu pa mzere. Anati bambo uja sakonda kuti munthu wamkazi alembe pa khadi lake, ndipo cholembera chofiira amachida kuposa njoka. Khadi silitsuka bala, anatero. Pafunika munthu woti aliike patsogolo pake n'kuima pomwepo mpaka litawerengedwa. Ponena zimenezi sanayang'ane mkazi wanga.

Pobwerera ndinakankha njinga, mwana ali pa kaliyala, mayi ake akuyenda pambali. Titadutsa chigayo chija mulu wa mankhusu unali pomwepo, wotuwa, wosaoneka utsi. Mwanayo anayamba kulankhula. Anafunsa ngati anesi aja analidi ndi mwamuna, anafunsa chifukwa chake mchere suluma ukakhala m'madzi ambiri, kenako anafunsa funso lomwe ndinkaliyembekezera.

"Ababa, Lachitatu ndikanene chiyani?"

Ndinamuuza kuti akanene nsombayo, ndi kuchuluka kwake. Anafunsa kuti nanga adokotala akakaseka. Ndinati ndikanenanso ine kachiwiri, mokweza. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo sindinganene kuti anakhulupirira. Panalibe chifukwa choti akhulupirire. Masana amenewo anadya mbale yonse ya mpunga ndi usipa, n'kulola mayi ake kuwongola chala chimodzi.

Lachiwiri ndinatumiza nkhani yanga pa basi monga masiku onse. Inali ya amayi omwe ankayeserera magule a ulendo wa munthu wamkulu uja. Za ndowa, za mtedza, za mpango, sindinalembe mzere ngakhale umodzi, ndipo ndikanalemba sizikanatuluka. Mlamu wanga anabweranso kudzafunsa za ku Benga. Mkazi wanga anamuuza kuti adikire mpaka Lachitatu masana, aone ngati mwamuna wake ali ndi pakamwa.

Madzulo dzuwa lisanalowe mkazi wanga anawiritsa madzi, anathira mchere, n'kuwasunga m'ketulo kuti tidzanyamule, poopa kuti tikauzidwa kuti kuchipatala madzi otentha kulibe. Beseni lathu anamangirira pa njinga. Mpango wobooka uja anaupinda n'kuuika m'thumba langa la buluku, osati kumutu kwa mwana. Tinagwirizana kuti tidzanyamuka tambala atangotsika, kuti tikakhale oyamba pa mzere, mwana akamwe mankhwala ake pachipata, ndipo mphindi makumi anayi ndi zisanu zikakwane adokotala asanavale chovala chawo choyera. Mayi ake adzalowa naye. Ine sindidzaima pakhomo, ndidzalowa mpaka patebulo. M'thumba la malaya ndinaika makhadi awiri, la chipani ndi la chipatala lolembedwa zofiira. Loyamba lidzafunsidwa pachipata. Lachiwiri silidzafunsidwa ndi aliyense, ndipo bambo wa baji uja akadzaliona adzafunsanso funso lake lija, mokweza, a pa mzere onse akumva.